Lezala Latsopano la ba Virginia

MUTU 4

1. Mlendo wobwera ndi malamulo

Alendo ali mitundumitundu. Pali wobwera ndi nkhuku kukhwapa, pali wobwera ndi njala yokhayokha, ndipo pali wina amene amati wadzagona masiku awiri, koma mvula n'kumupeza, kumusiya, n'kudzamupezanso. Onsewa anthu a mu Chawama amawadziwa. Koma amene anafika pakhomo pa ba Whyson mwezi wa Juni chaka chimenecho anali wa mtundu wakewake. Iyeyu anabwera ndi malamulo.

Dzina lake anali Magdalene, mtsikana wa zaka khumi ndi zitatu wochokera ku Dedza, m'dziko la Malawi. Mtima wake unkavuta kuyambira ali wamng'ono. A mpingo atamva kuti ku chipatala chachikulu cha mu Lusaka kwabwera madokotala akunja, anamutumiza. Madokotalawo anatsegula chifuwa, nachotsa kachitseko kowonongeka ka mtima, naikapo kachitsulo. Pomutulutsa anati asapite kutali kwa milungu isanu ndi umodzi. Mayi ake anali atasiya khanda kumudzi, choncho anabwerera akulira.

Nanga mwanayo akhale kwa yani? Abusa anamwazamwaza maso m'tchalitchi, maso aja n'kutera pa ba Whyson.

"Paja atate anu anachokera ku Nyasalande kudzagwira ntchito ya njanji? Ndiye kuti mwana uyu ndi wanu."

Ba Whyson ku Malawi anali asanapondeko chibadwire. Ntchito nayo inali itatha, pakuti kampani ya mabasi imene ankagwirako inatsekedwa, ndipo ufa panyumbapo unkabwera wa m'timapepala ta pamela, tongokwana tsiku limodzi. Mkazi wawo, ba Elesi, ali mbali ya azimayi, anayesa kuwatsinzinira diso, koma uthenga unafika mochedwa. Bambo anali atanena kale ameni.

Amene anasenza ameni ameneyo anali mwana wawo Maud, wa Giredi 8. Bedi lake linapita kwa mlendo, bulangete labwino linatsatira bedi, ndipo shuga amene ankabisidwa m'chitini cholembedwa kuti mchere anayamba kutuluka, koma kulowera m'kapu imodzi yokha.

Kuwonjezera apo, mlendoyo ankalira ngati wotchi. M'nyumba mukakhala zii, kachitsulo kaja kankamveka m'chifuwa mwake: tche, tche, tche.

Tsiku loyamba lomwelo ba Elesi anamukhazika Maud pansi.

"Khala apa unimvele. Uyu mwana si wathu. Amake batipatsa ali wamoyo, na ise tizamubweza ali wamoyo. Ba dokota bakamba vinthu vitatu, uvisunge monga pemphelo la Atate Athu. Asanyamule cholema, ngakhale ka chigubu ka madzi, chifukwa fupa la pachifuwa banalidula, lagwila chabe na waya. Ka pilisi kake amwe tsiku lililonse madzulo, osaphonya. Manje chikulu ni ichi: asadzicheke. Aya mapilisi yasungunula magazi kuti kansimbi kaja kasatsekeke. Iwe ukadzicheka podula repu uika chala mukamwa, vasila. Uyu akadzicheka ni pompi yothyoka. Mpeni, singano, lezala, vonse kutali. Ndipo ukabwela ku sukulu ine nipita ku maliketi na tomato wanga. Usamusiye na munthu aliyense mpaka nibwele. Aliyense! Ngakhale abwele mngelo na mapiko yake, umuuze ayembekeze panja."

"Ivo ni vinayi, ba mami."

"Chachisanu ni mbama. Uchifuna?"

Maud sanachifune.

2. Ulonda

Munthu angaganize kuti kulondera wodwala n'kosavuta. Wodwala amagona, iwe umayang'ana. Koma Magdalene analeredwa bwino, ndipo vuto lonse linali pamenepo.

Maud akangotembenuka, ankamupeza ali ndi tsache. Akamulanda tsache, ankamupeza pa mbale. Akamuchotsa pa mbale, ankamupeza atagwada pakhomo kulonjera munthu wongodutsa.

"Iwe Magi, ika pansi ilo tsache!"

"Pepani, achemwali. Kwathu mtsikana sakhala pansi anzake akugwira ntchito. Anthu aziti ndinaleredwa ndi yani?"

"Bazakamba kuti unaleledwa na ba dokota. Khala pansi. Ndipo nakuuza kangati kuti usaniitane achemwali? Nimveka monga nili na adzukulu."

"Pepani, achemwali."

Ndiye panalinso odzazonda matenda. Mu komboni wodwala si wa nyumba imodzi. Azimayi ankabwera awiriawiri, n'kukhala pa mphasa, n'kupereka pepani wa mphindi imodzi, kenako n'kufunsa chimene abwerera: "Manje ni zoona kuti alila?" Onse ankakhala chete, makosi atatambasuka. Tche, tche, tche. "Mayo! Bamuika wotchi!" Wina anafunsa ngati amamupukusa m'mawa uliwonse. Wina anafuna kudziwa ngati angamuuze nthawi, poti yake inaima.

Aliyense ankasiya malangizo. Uyu akuti masamba a kotapeya owiritsa amawonjezera magazi, uyo akuti mkaka wosakaniza ndi chakumwa chofiira. Magdalene kwa onse ankangoti, "Zikomo, ndimwa." Maud ndiye ankathira zonsezo kuseri kwa chimbudzi, mpaka mpapaya wa pamenepo unayamba kunenepa.

Madzi kupompi ankatunga yekha, ndowa ziwiri: yake ndi ya mlendo. Anzake akupita kumpira, iye ali pakhonde kuyang'anira munthu amene mlandu wake unali kufuna kusesa.

Milungu iwiri inatha chotero, ndipo Maud zinali zitamufika m'khosi.

3. Chikwama chakuda

Lachinayi la mlungu wachitatu linali tsiku lalikulu. Nthawi ya 15 koloko aphunzitsi ankasankha atsikana a timu ya mpira wamanja yopita kukasewera ku Kafue. Maud anali woponya wosaphonya, ndipo ku Kafue anali asanapiteko. Kunena zoona, kupyola komboni ya Misisi anali asanapiteko kulikonse.

Ba Elesi analonjeza kuti abwerako msanga. Koma tomato sadziwa malonjezo. Ola la 14 linakwana, linadutsa, mayi osaoneka. Magdalene anali atagona, mutu ukumupweteka chiyambire m'mawa. Maud ankangozungulira pakhomo ngati nkhuku yofuna kuikira.

Pamenepo pachipata panamveka mawu odzaza msewu wonse.

"Odi kuno! Kodi muli amoyo, kapena njala inakumalizani?"

Anali ba Virginia, azakhali ake a Maud, mlongo wamkulu wa ba Whyson, ochokera ku George komboni. Mzimayi wa thupi, wa mawu, ndi wa chikwama chakuda chimene munalibe chosowa. Pa banja lonse panalibe mwana amene sanadutse m'manja mwawo. Maud yemwe anali ndi timizere tiwiri takuda m'mbali mwa diso lililonse, mphini zimene anamutema ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi atadwala mutu. Ba Virginia ankati timeneto ndi siginecha yawo.

Analowa, namuyang'ana mlendo, natchera khutu pachifuwa, napukusa mutu.

"Ndiye uyu wa wotchi? Mwana wabwino, agwada na kugwada, osati aba bathu ba mu tauni. Chakuvuta n'chiyani, mama?"

"Mutu, amayi. Mbali iyi."

"Litsipa ilo. Nalidziwa." Anakhala pa mpando wa ba Whyson, umene wina aliyense sankaukhalira. "Mvelani, imwe bana. Azungu adziwa kung'amba, sinikana. Ang'amba, asoka, akupatsa pepala, ati pita. Koma kumalizitsa munthu kuti akhale munthu, iyo ni nchito yathu. Ise tinakula kulibe kiliniki. Amai anga anabala ana khumi na mmodzi, palibe anaona jekeseni, ndipo tonse tinakula, kuchotsako anayi. Manje imwe mwaphunzila tuma giledi tuwili, muona monga akulu ni vipuba vopanda nzelu. Muzakula, muzatifuna, muzatipeza tili ku manda ku Chingwere."

Maud sankamva n'komwe. Maso anali pa dzuwa.

"Nanga iwe uvinila chiyani apo monga wadya tsabola?"

"Kuli kusankha timu ku sukulu, ba anti. Koma ba mami banakamba kuti nisamusiye..."

"Na ine? Ine nalela ana seveni, na atate ako omwe nawabeleka pamsana apa. Pita ku bola yako."

"Banakamba kuti asagwile nchito, na..."

"Uzaniphunzitsa iwe kusunga wodwala? Choka!"

Maud anaganiza mwachangu, ndipo kuganiza mwachangu kumakonda kugwirizana ndi zimene munthu akufuna kale. Mayi ananena za mngelo. Za azakhali sananene. Anatuluka chothamanga, nkhani ya magazi ija itatsalira pakamwa.

4. Pa kantemba

Anayamba wadzera kwa mnzake Sampa kukabwereka nsapato zosewerera, poti zake zinali zitayasamula kutsogolo. Nsapato imodzi inapezeka msanga. Inzake inali pansi pa bedi, kuseri kwa matumba, ndipo inadya mphindi khumi zathunthu.

Akuthamangira kusukulu pamodzi ndi Sampa, anadutsa pa kantemba ka ba Moven, kagolosale ka malata kamene kankagulitsa zinthu zodulidwadulidwa: sopo wa chala chimodzi, mafuta a pa supuni, ndudu imodziimodzi. Ba Moven anali munthu wosalola aliyense kudutsa osamuseka.

"Iwe Maud! Ba anti bako bamela ndevu?"

"Tachedwa, ba Moven!"

"Nifunsa chabe! Babwela apa manje manje, bagula lezala imodzi. Ati, 'Nipatse ya nyowani, yosatsegula. Masiku ano kuli matenda, ine sinisebenzesa yakale, nine munthu waukhondo.' Nati kansi bazimai ba ku George bameta?"

Sampa anaseka. Maud sanaseke. Dzanja lake linakwera lokha n'kukagwira timizere tija m'mbali mwa diso.

Litsipa. Chikwama chakuda. Lezala latsopano.

Chapatali, kubwalo la sukulu, wezulo inalira.

"Tiye, iwe!" Sampa anamukoka mkono. "Ba ticha bakamba kuti wochedwa asabwele na kubwela. Ni ba anti bako, si mfiti. Bazamudya?"

"Bazamutema mphini."

"Manje? Tonse tinatemewa. Tinafa?"

Wezulo inaliranso. Maud anayang'ana kusukulu. Ankawaona atsikana atayamba kufola, ndipo m'mutu mwake ankaiona basi ya ku Kafue, iye atakhala pawindo.

"Uyu mlendo!" anakuwa, mpaka ba Moven anadzidzimuka. "Ananitengela bedi, ananitengela shuga, manje anitengela na Kafue!"

Anavula nsapato zija, naziponya m'manja mwa Sampa, nathamanga chosavala kubwerera kunyumba.

5. Kuseri kwa nyumba

Anawapeza kuseri, padzuwa. Magdalene anali atagwada pa thumba, mutu atapendeketsa mwaulemu ngati munthu wolandira dalitso. Ba Virginia anali ataika pansi kabotolo ka mankhwala akuda, a mizu yowotcha. Kumanja kwa nkhope ya mtsikanayo kunali kale timabala tiwiri. Lezala linali m'njira kupita kumanzere.

Pali zinthu zimene mwana sachita. Salowa m'chipinda cha makolo, satchula dzina la wamkulu lopanda ulemu, ndipo sagwira dzanja la azakhali ake kuti aliletse. Maud zonsezi ankazidziwa bwino.

Anagwira dzanjalo ndi manja onse awiri.

"Lekani!"

Analanda lezala, naliponya padenga, pakati pa miyala ndi matayala akale otsindira malata. Linagwa ndi kaphokoso kakang'ono, koma m'makutu mwa ba Virginia linali bingu.

"Wanigwila? Iwe wanigwila dzanja ine? Ine amene nakusambika tsiku unabadwa?"

Mitu ya aneba inali itayamba kale kumera pamwamba pa mpanda.

"Ba anti, magazi yake siyaima! Amwa mapilisi!"

"Chokapo! Ayo ni magazi oipa, yafunika yachoke."

Anatapa mankhwala akuda ndi chala, napaka pa timabala. Magazi anawakokolola. Anapakanso. Anawakokololanso. Anatsika patsaya, nalowa m'khosi, nayamba kufiiritsa kolala ya diresi. Timabala tating'ono ngati ta munga, koma tosatseka.

Ba Virginia anapukuta ndi chitenje chawo, nayang'ana, napukutanso. Mawu aja odzaza msewu anayamba kuchepa.

"Ine natema anthu zaka makumi atatu. Ivi sininavionepo."

Maud anasolola pilokesi yochapa pachingwe, naipinda, naidinikiza mwamphamvu pa bala.

"Nanga iwe, sunakane chifukwa chiyani? Ulibe kamwa?"

"Ndinawauza kuti ndimamwa mankhwala," anatero Magdalene motsitsa mawu. "Anati awa ndi ena, sayambana. Ndikanakana bwanji munthu wamkulu? Pepani, achemwali, ndakudetserani nsalu."

"Ukakambanso pepani nizakumenya!" Maud anapuma. "Awe, na kukumenya komwe ba dokota banaletsa. Yaba!"

Nsalu inayamba kunyowa. Kiliniki inali kutsidya kwa msika, ndipo mtsikanayo sakanatha kuyenda mtunda wonsewo.

Apa ba Virginia anachita chinthu chimene Chawama sinaiwale. Anatuluka pamsewu, napeza ba Jackson, wogulitsa makala, akukankha wilibala yawo. Sanapereke moni. Anagwira wilibala, nakhuthula makala onse pansi, nayala chitenje chawo chapamwamba.

"Mayo! Malasha yanga!"

"Tola! Uli na manja!"

Anamukweza Magdalene, namupatsa pilo woti akumbatire pachifuwa kuti mabampu asagwedeze fupa lija. Ndiye ulendo unayamba: ba Virginia akukankha, thukuta lili kamukamu, akukalipira aliyense wotsekereza njira, Maud akuthamanga chammbali, dzanja lili pa bala, kumbuyo ba Jackson akulirira wilibala yawo.

6. Mawu a sisitala

Ku kiliniki kunali mzere wautali, koma magazi safola. Sisitala wachikulire wa magalasi omangidwa ndi ulusi anawalowetsa. Thonje kunalibe, bandeji kunalibe. Anang'amba pilokesi yomwe ija.

"Iwe, dzanja lisachoke apo. Usasuzumile. Ukasuzumila tiyambilanso."

Maud anadinikiza mpaka zala zinachita dzanzi. Patatha theka la ola, sisitala anasuzumira yekha. Magazi anali ataima.

Kenaka anawerenga kabuku ka kuchipatala kamene Magdalene ankayenda nako m'thumba, navula magalasi, natembenukira kwa ba Virginia. Chitseko chinali chotsegula, ndipo mzere wonse unatchera khutu.

"Amai, ine na imwe ndise a msinkhu umodzi, ndiye nizakamba mosabisa. Na ine nili nazo mphini, onani apa. Amai anga ananitema chifukwa ananikonda. Koma uyu mwana thupi lake si monga lathu. Mukanatema mbali zonse ziwili, na pachifuwa monga muchitila, kapena lezala ikanalowa pang'ono chabe, sembe manje tikamba vina. Ndipo mukanamuuza chiyani mai wake ku Malawi? Kuti lezala inali ya nyowani? Wodwala wa chipatala ali na malamulo yake. Ngati simuyadziwa, funsani, ngakhale wofunsiwa ni mwana. Kufunsa sikuchotsa imvi."

Ba Virginia anayang'ana pansi. Aka kanali koyamba m'mbiri ya banja.

"Manje uyu mutu unayamba bwanji? Agona kuti?"

"Mu chipinda changa," anayankha Maud. "Ba dadi bamuikila mbaula kuti asamve mphepo. Batseka na windo."

Sisitala anagwira m'chiuno.

"Mbaula! Mu chipinda chotseka! Uyu amupatsa utsi, uyu amutema. Imwe anthu muzamupha uyu mwana na chikondi. Mbaula ichoke lelo. Mailo kuseni mupite naye ku chipatala chikulu na kalata iyi, bakapime magazi na mutu womwe. Mutu wa munthu wakumwa aya mapilisi sitiseka nawo." Anayang'ana Maud. "Ndani analetsa?"

"Ni uyu," anatero ba Virginia, osakweza maso.

"Wachita bwino, mwana."

Mzere wonse unavomereza ndi kung'ung'udza. Ba Virginia analandira kalata ija, natuluka.

7. Milandu iwiri

Mantha ndi mlendo wosakhalitsa. Akangochoka, mwini nyumba amabwerera pampando wake, ndipo mwini nyumbayo dzina lake ndi ulemu. Pochoka ku kiliniki ba Virginia anali chete. Podutsa pamsika anayamba kung'ung'udza. Pofika pa kantemba ka ba Moven anali atakumbukira bwinobwino kuti wolakwiridwa pa nkhani yonseyi ndi iwo.

Pachipata anapeza Sampa akudikira.

"Basankha," ananong'oneza. "Malo yako bapatsa Mukupa."

"Mukupa? Amene aponya bola ku Kabwe ringi ili pamphuno?"

"Yemweyo."

Maud analowetsa Magdalene m'nyumba, namugoneka, namupatsa pilisi lake la madzulo, natulutsa mbaula, natsegula windo mwamphamvu mpaka linadandaula.

Dzuwa likupendeka, makolo anafika motsatizana: ba Elesi ndi dengu la tomato wosagulidwa, ba Whyson ndi fumbi la tsiku lonse lofunafuna ntchito ku mafakitale. Nkhani inali itawapeza kale panjira, yokometsedwa. Ena ankati mlendo wafa. Ena ankati wotchi yaima n'kuyambanso.

Ba Virginia anali atatulutsa mpando pabwalo.

"Whyson, khala pansi. Sinikana, magazi yanachoka, ndipo wilibala nakankha nekha. Ivo vasila. Koma mwana wako uyu ananigwila dzanja. Ananilanda chinthu m'manja monga nine kawalala wakuba, komboni yonse iona. Ku kiliniki nanyozeka pamaso pa anthu, iye bamuombela m'manja. Lelo agwila ine, mailo azagwila iwe. Mwana akalumpha mkulu kamodzi, mwendo uzolowela. Sankha: unipatse nipite naye ku George nikamuphunzitse mwambo, kapena phazi langa silizapondanso pano, ngakhale pa malilo yako."

Ba Whyson anakanda m'mutu. Mlongo wawoyu ndiye anawalera makolo atamwalira, ndipo chiyambire anali asanamuyankhepo kuti iyayi.

"Na ine nili nawo mlandu," anatero ba Elesi, akutula dengu. "Ninakamba kuti chiyani, Maud? Ninati ngakhale mngelo. Iwe wasiya mwana wa eni chifukwa cha bola. Sembe ba Moven sibakonda kukamba-kamba, sembe tili kuti?"

Maud anaona kuti zake zavuta. Kwa mayi anali wolakwa chifukwa anachoka. Kwa azakhali anali wolakwa chifukwa anabwerera.

"Maud," anaitana ba Whyson. "Bwela kuno."

Anapita, nagwada pa fumbi. Aneba kumpanda analeka ngakhale kunamizira kuti akuanula zovala.

Pamenepo chitseko chinalira. Magdalene anatuluka pang'onopang'ono, mutu womangidwa ndi chidutswa cha pilokesi, pilo ali pachifuwa. Anayenda mpaka pamene panali Maud, nagwada pambali pake.

"Iwe!" Maud analankhulira m'mano. "Pita ukagone! Ufuna unionjezele mlandu wachitatu?"

"Bwelela m'nyumba, mama," anatero ba Virginia. "Iyi ni nkhani ya banja."

Mtsikana uja, amene chifikire anali asanakanepo kanthu kwa munthu aliyense, amene anavomera masamba a kotapeya ndi lezala lomwe, anakweza mutu.

"Ayi, amayi. Sindipita."

Pabwalo panagwa bata loti ngakhale nkhuku zinaima. Ndipo m'batamo aliyense, mpaka aneba a kumpanda, anakamva kachitsulo kaja kakugunda mofulumira kuposa masiku onse: tche-tche-tche-tche.

Magdalene anaomba m'manja katatu, mwaulemu wa kwawo, nayang'ana ba Whyson m'maso.

"Bambo, musanaweruze, ndili ndi mawu."